Mainess ndi Bafa la Apongozi

Aliyense amene anakhalapo ku Kanyama amadziwa kuti kumeneko dzenje silikumbika. Ukangopalasa dothi pang'ono khasu lakumana ndi mwala, ndipo mvula ikagwa madzi amasowa kolowera, amangokhala pabwalo mpaka achule ataswerana. N'chifukwa chake zimbudzi zambiri kumeneko zimamangidwa m'mwamba, munthu n'kumakwera masitepe ngati akukalalikira. Wamiyendo yake saonapo vuto. Koma a Whyson Daka miyendo inali itawakana, ndipo mavuto a Mainess, mkazi wa mwana wawo, anayambira pamasitepe amenewo.

Mainess anabadwira ku Katete. Ku Lusaka anabwera ali kamtsikana kudzalera ana a azakhali ake ku Chawama, sukulu atalekezera pamene munthu amatha kuwerenga chikwangwani cha basi. Moven anamupeza pamsika akugulitsa zitumbuwa. Masiku amenewo Moven anali munthu wooneka, wa yunifolomu ya kampani yamabasi, nsapato zili waliwali ngakhale m'matope. Atakwatirana anakakhala m'nyumba ya makolo a mwamunayo, nyumba imene a Whyson anaimanga okha, chipinda ichi chaka chino, china chaka chinacho, monga mmene m'thumba munkalolera.

Zaka zonse zimene anakhala m'nyumbamo, Mainess sanawayang'anepo kumaso apongozi ake aamunawo. Chakudya ankapereka atagwada pakhomo, mayi Daka n'kulandira. Akakumana nawo pakanjira ka kuseri, ankapatuka n'kuyang'ana kumpanda mpaka mkuluyo adutse. Anzake a m'komboni ankamuseka kuti wabwera ndi Katete yense pamutu, koma a Whyson ankanyadira. Kutchalitchi ankauza anzawo kuti mwana wawo anakwatira munthu woleredwa, ndipo mawuwo akamufika Mainess kudzera mwa ena, ankayenda tsiku lonse mtima uli myaa. Chuma analibe, maphunziro analibe, ulemu umenewu ndiwo unali chake.

Kenako zinthu zinayamba kuthothoka. Kwacha inasanduka pepala wamba, ufa unkakwera mtengo munthu ali pamzere, kampani yamabasi inatsekedwa. Mayi Daka anamwalira. Moven anapeza ganyu pa lole yopita ku Nakonde, ndipo akachoka sankadziwika tsiku lobwera. Mainess anayamba kuphwanya miyala m'mbali mwa msewu pamodzi ndi amayi ena, n'kumaigulitsa kwa omanga nyumba, zikhatho mpaka kuuma ngati chikopa. Ndiye m'mawa wina a Whyson anagwa pafupi ndi mpopi. Mbali ya kumanja inafa, pakamwa panapotoka, mawu anatheratu. Anatsala ndi dzanja limodzi, mwendo umodzi wokoka unzake, ndi mutu wovomerera kapena kukanira.

M'nyumbamo mwamuna wina analipo mmodzi yekha, a Chalwe, mmisiri womanga wochokera ku Kasama, amene ankachita lendi chipinda chakumapeto. Munthu wabwino ndithu. M'mawa asanapite kosaka ntchito ankawabereka mkuluyo kukwera nawo masitepe, Loweruka n'kuwasambitsa. Koma mimba ya munthu siyendera nthawi ya a Chalwe. Masana Mainess ankakankhira chidebe m'chipindamo ndi ndodo, nkhope atatembenuzira kumbali, n'kukhala panja kumamva apongozi ake akulimbana okha, nthawi zina akugwa. Kulowa sakanatha. Mkazi wa mwana saona thupi la apongozi ake, ndipo mkuluyo akanalola kugona m'zonyansa kusiyana n'kuti aonedwe ndi iye. Zinkamupweteka Mainess mpaka chakudya kumukanika.

Felistus, mlongo wake wa Moven, anabwera kuchokera ku Kabanana tsiku lina, n'kungoima pakhomo la chipindacho atagwira mphuno.

"Mulamu, batate sibangankale so," anatero. "Tibapeleke chabe kumunzi. Kuja kuli bamuna bangabasambike."

Kumudziko Mainess ankakudziwa. Kunatsala mphwawo wa a Whyson mmodzi wokonda kachasu ndi nyumba yopanda denga. M'chipindamo a Whyson anamva zonse, ndipo anapukusa mutu mwamphamvu mpaka bedi linalira.

"Mwaona, bakana," anatero Mainess. "Nipaseniko nthawi, mulamu. Nizabamangila bafa yapansi, pafupi na bedi. Bazayamba kuzisamalila beka."

"Na ndalama ziti? Mvelani, Khisimisi ikapita bakali so, nibwela na motoka."

Nzeru yake inali yosavuta kuinena. Kuboola khoma la chipinda cha mkuluyo, kuikapo khomo, kunja kwake n'kumanga kachipinda kakang'ono kasimenti pansi, kokhala ndi mpando wobooka ndi chitsulo chogwirira. Miyala anali nayo yophwanya yekha. A Chalwe anavomera kugwira ntchitoyo kuti akhale miyezi ingapo osalipira lendi. Ku Kanyama anthu amamanga zotere osafunsa munthu, ndipo Mainess naye akanatero pakanapanda a Vera, oyandikana nawo, amene chitsime chawo chinali kuseri kwa khoma lomwelo. Chaka chapitacho kolera anawatengera mdzukulu.

"Chimbuzi pafupi na chisime changa? Mukangoyamba mulibe pepala, niyenda kukanena, bazabwela kugwesa," anatero a Vera, ndipo sankaseka.

Choncho Mainess anavala chitenje chake cha kutchalitchi n'kupita m'tauni ku ofesi yoona za mapulani a nyumba. Anapitako kangapo, ulendo uliwonse kusiya miyala yosaphwanya ndi mkulu wopanda womuyang'anira, mpaka anagwera m'manja mwa bambo wina wowonda, dzina lake a Nkole, wa kolala yoperepeseka ngati ya wina aliyense m'zaka zimenezo. Anamumvetsera mpaka kumapeto. Anati galimoto ya ofesi ilibe mafuta, koma adzabwera wapansi kudzaona khomalo. Mainess anangoti ndi zonena za mu ofesi, koma munthuyo anabweradi, thalauza atapinda.

A Nkole anagogoda khomalo, kenako anakanda pulasitala ndi kiyi. Mkati munatuluka dothi lofiira. Chipinda chimenecho ndicho chinali choyamba kumangidwa, a Whyson akadali mnyamata wosauka, ndipo anachimanga ndi zidina, njerwa zadothi zosaotcha, n'kudzazipaka simenti pambuyo pake kuti zifanane ndi zipinda zina. Mitengo ya denga inatsamira pakhoma lomwelo.

"Mayo, ichi chipupa nicha dothi," anatero a Nkole. "Kuti muboole, pafunika mapilala ya mabuloko uku na uku, pamwamba lintala ya konkili na nsimbi mukati. Mugodi wa chimbuzi muumange na simenti, kutali na chisime. Elo osati mu mvula. Lindilani chilimwe, mubwelese pulani yojambula, nizamithandizani."

"Chilimwe bazankala balibe pano, bwana. Bazabatenga."

"Namvela, mayo. Koma nikasaina, chipupa chabagwela, ninshi nine nabapaya."

Chowawa n'chakuti munthuyo sankanama, ndiponso sanapemphe kanthu ngakhale ka basi. Akanakhala wachinyengo bwenzi Mainess atapeza womukwiyira. Anagwada pamatope n'kumupempha, a Nkole anangoyang'ana pansi, kupepesa, n'kumapita. Kumwamba mitambo inali itayamba kale kusonkhana.

A Chalwe anamva zonsezo ali chiimire ndi fosholo, ndipo mlendoyo atangokhota anafwenthera. "Awe, aba ba mu ofesi baziba chabe va mu buku. Mu Kanyama monse muno nindani anaikapo lintala ya konkili? Tiika nsimbi pamwamba, chapwa." Chitsulocho chinalipo, sipuling'i ya basi imene Moven anabwera nayo kampani itatsekedwa. Mainess anadziwa kuti a Nkole ananena zoona. Anadziwanso kuti zitsulo ndi simenti ya mapilala sakanazipeza ngakhale ataphwanya mwala wonse wa Kanyama, ndipo Khirisimasi inali pafupi. Anauza a Chalwe kuti ayambe.

Anaboola chamkati, pang'onopang'ono, kunja atapachika masaka ngati akuyanika, kuti a Vera asaone msanga. Paipi anailozetsa ku dzenje la chimbudzi chakale, kutali ndi chitsime, ndipo a Vera atazindikira anangotukwana osapita kukanena. Kuti kachipindako kalumikizane ndi nyumba, a Chalwe anagamula pulasitala m'munsi mwa khomalo mbali zonse za khomo, nati adzamata simenti ikapezeka. Palibe anaganizapo kuti pulasitala ameneyo ndiye anateteza dothilo kumadzi zaka zonsezo.

Ndipotu bafalo linagwira ntchito. Tsiku loyamba Mainess anasiya ndowa ya madzi ofunda pakhomo n'kukakhala panja. Anamva phazi likukokedwa, chitsulo chikulira pogwiridwa. Ndiye anamva madzi akukhavukira pasimenti. Anakhala pamulu wa miyala n'kuseka yekha, misozi ili chuchuchu. Madzulo ake a Whyson anatuluka kukakhala pakhonde atavala malaya oyera, mabatani atamanga mokhota, koma atamanga okha. Felistus anatumiziridwa uthenga kuti galimoto yake aisunge.

Mvula yeniyeni inabwera Khirisimasi itangopita, ndipo inagwa masiku otsatizana osapuma. Pabwalo panasanduka dziwe lofika m'mawondo. Madziwo anatsamira pakhoma losendedwalo usana ndi usiku, dothi n'kumamwa mwakachetechete. Masana ena, Moven ali ku Nakonde, a Chalwe atapita m'tauni, Mainess anali kukhitchini atangopereka madzi osamba. Sipanamveke phokoso lalikulu. Khomalo linangokhala pansi ngati munthu wotopa, malata n'kupendekera mkati, kenako anamva a Whyson akubuula m'bafamo.

Anathamangira panja akuitana amuna. Kunalibe. Amuna onse a m'komboni masana amakhala ali kosaka, ndipo njira zinali zitadzaza madzi. Amene anatuluka anali amayi ndi ana okha, n'kuima patali. A Vera anafika pafupi, anasuzumira, n'kubwerera m'mbuyo.

"Bali chabe so, sibanavale," ananong'ona. "Tumani mwana akaitane bamuna ku msika."

Kumsika kunali kutali, ndipo madzi a pabwalo anali atayamba kulowa pamene panali khoma. Mainess anaima pamenepo, kubuulako kukucheperachepera. Kenako anakwinya chitenje n'kulowa.

Anawapeza atagona chammbali pasimenti, matope atawakwirira mpaka m'chiuno, madzi akufika kukhutu. Anafukula ndi manja, kutaya zidina zosungunuka ndi chitsulo cha basi chija, n'kuwanyamula. Anadabwa kupepuka kwawo. Anawalowetsa pabalaza, a Vera n'kuimika chitenje pakhomo kutchinga maso a anthu, koma anthu anali ataona kale. Matope anali paliponse, m'mabala a m'miyendo, m'makutu, osakanikirana ndi zonyansa, ndipo zimenezo sizikanadikira a Chalwe. Anatenthetsa madzi n'kuwasambitsa thupi lonse monga ankasambitsira ana ake. Nthawi yonseyo a Whyson anaphimba nkhope yawo ndi dzanja lamoyo lija, mapewa akugwedezeka.

Fupa silinathyoke. Mabala anapola msanga. Koma kuyambira tsiku limenelo mkuluyo sanalandirenso chakudya chochokera m'manja mwa Mainess. Akamva mapazi ake ankatembenukira kukhoma n'kudzifunditsa bulangeti kumutu. A Chalwe akawapatsa phala ankamwa pang'ono, koma akazindikira amene waphika ankatseka pakamwa. Panjira ana ankanena nkhaniyo mokweza, ndipo iwo pabalazapo ankamva.

Felistus anabwera osakalipa, zimene zinamuopsa Mainess kuposa kukalipa. Anayang'ana chipinda chopanda khomacho, n'kukhala pamphasa pafupi ndi bambo ake.

"Batate, tiyende kumunzi?"

A Whyson anagwedeza mutu kuvomera.

Mainess anagwada pakhomo, ndipo kwa nthawi yoyamba chikwatiwire anawalankhula mwachindunji, m'chinenero cha kwawo. "Atate, musapite. Kulibe wokusamalirani kumeneko. Ine sindinaone kanthu, maso anga anali kumbali. Chilimwe tidzamanga bwinobwino, ndi chilolezo chomwe." Onse m'nyumbamo anadziwa kuti za masozo akunama, ndipo palibe anamutsutsa. Mkuluyo sanatembenuke.

Galimoto sinathe kulowa m'komboni chifukwa cha madzi, choncho a Chalwe anawabereka mpaka kumsewu waukulu. Mainess ankatsatira m'mbuyo atasenza mabulangeti ndi kathumba ka mankhwala, akuwoloka matope mosamala kuti katunduyo asanyowe. Atawakhazika pampando, Mainess anafuna kufika pawindo kuti atsazike, koma anaima chapatali n'kupereka katunduyo kwa Felistus. A Whyson ankayang'ana mbali ina ya msewu mpaka galimoto inanyamuka.

Anaimabe pamenepo kanthawi, mtima utasweka, osadziwa chimene adzamuuze Moven akadzabwera. Kenako anakumbukira kuti malata a chipinda chija akadali pansi, ndipo akachedwa anthu atola. Anabwerera kulowa m'madzi.