Chaka chimene abambo anabwera ndi mwala

Mwalawo unali wodzipinda ngati bongololo ukamukhudza ndi kamtengo, ndipo unkangokwana m'dzanja langa. Abambo anautulutsa m'sokosi tsiku limene anafika kwathu ku Mkanda, n'kundipatsa ine, mwana amene anamusiya akukwawa. Imeneyo ndiyo inali mphatso yanga. Ya amayi inali ambulera, mvula itatha kale.

Inali nyengo yokumba mtedza, matipate itangoyamba, anthu amene anathawa boma lakale akubwerera kwawo. Abambo anali mphunzitsi wa kusekondale pamene anathawira ku Zambia, kenako ku Ulaya. Kumeneko anaphunzira za zamoyo zakale zimene zinasanduka miyala mpaka kukhala pulofesa. Amayi anawadikira, akukana amuna owafunsira, ndipo mchimwene wanga atamwalira ndi chikuku anamuika okha ndi amalume.

"Iyi ndi amonaiti," ankatero abambo. Akuti inali nyama ya m'nyanja yamchere, mikono yake yambirimbiri yomera pamutu, ndipo inatha padziko anthu kulibe. Ankandionetsa timizere tokhotakhota pachigobapo, n'kunena kuti iwo ndiwo anapeza njira yatsopano yotiwerengera kuti udziwe zaka za thanthwe. "Ophunzira a m'mayiko ambiri amatsata njira yanga." Ankanena zimenezi atakhala pampando umodzi wokha umene tinali nawo, atavala jekete, ife tili pansi kuthothola mtedza, zala zitang'ambika ndi chisanu cha Juni, fumbi lofiira lili m'mphuno. Sanagwirepo ngakhale phata limodzi. Madzi akumwa ankafuna owiritsa, ndipo nkhuni zake ankatola ndi amayi.

Sindikunena kuti ankanama. Masiku ano ndikalemba dzina lawo pafoni, zolemba za anthu ophunzira zimatuluka zambirimbiri, onse akuwatchula, ndipo kuli mtundu wina wa zigobazo umene anautcha dzina lawo. Zikomo kwambiri. Koma munthu wodziwa zaka za thanthwe ameneyu ankandifunsa mobwerezabwereza kuti ndili kalasi yanji, ndipo nthawi zina ankandiitana ndi dzina la msuweni wanga.

Aphunzitsi athu anawaitana kusukulu. Tinasesa bwalo, tinapaka laimu miyala ya m'njira. Abambo anajambula chigobacho pabolodi, choko chili kwichikwichi, nalankhula Chingelezi chimene ngakhale aphunzitsi ankangochigwedezera mutu. Mwala wanga unayenda m'manja mwa kalasi yonse mpaka kubwerera wofunda. Tsiku limenelo ndinayenda ngati mwana wa nduna.

Amalume sanatengeke nazo. "Alamu, kumanda mupita liti?" ankafunsa. "Tipeza tsiku," abambo ankayankha. Manda a mwana wawo anali kutsidya kwa dambo, pongoyenda pang'ono. Munthu amene anakwera ndege kukafukula nyama zakufa m'mapiri a eni ake sanalipeze tsikulo. Koma Loweruka lililonse ankapeza nthawi yopita ku Chipata, akuti kukaimba foni kuntchito, n'kubwera Lolemba akununkhira sopo wachilendo.

Mtedza utauma abambo ananena kuti ophunzira awo akuwadikira. Amayi sanawaperekeze. Anangokhala pakhonde ndi lichero, akusenda mtedza wambewu. Ine ndi amalume tinakwera nawo matola mpaka paboda. Panali mathiraki atandanda, fungo la dizilo, azimayi a ku Zambia akuitanira malonda. Pafupi ndi chipata panaima galimoto loyera, ndipo pambali pake mayi wachizungu ndi kamnyamata ka tsitsi lofewa. Kamnyamatako kanathamanga n'kudzakumbatira miyendo ya abambo. Mayiyo anandipatsa paketi ya mabisiketi, akumwetulira ngati munthu wopepesa maliro. Amalume analavulira pansi.

Kunyumba ndinafika ndikuthamanga. "Amayi, abambo ndi bwana zedi. Dalaivala wawo ndi mzungu, amachita kubwera ndi mwana wake kuntchito."

Amayi sanadzutse mutu. "Mwanayo ndi wamkulu bwanji?"

Ndinayeza ndi dzanja, cha m'chifuwa mwangamu. Anayang'ana dzanjalo nthawi yaitali, milomo ikuyenda ngati munthu wowerenga chamumtima, kenako anabwerera ku lichero lawo. Ine ndinkaganiza kuti akhumudwa chifukwa mabisiketi ndinamaliza ndekha panjira, ndipo ndinawalonjeza kuti abambo akadzabweranso ndidzawasungirako.