Anavotera Wotchi ya Amalume

Mpaka lero ndikaganiza za wotchi ija mtima umandiwawa. Anthu amati iwalani bambo, chinali chitsulo chabe. Chitsulo chabe bwanji? Koma ndiyambe poyambira, ndingakusokonezeni.

Ine ndine wa ku Chia. Sukulu ndinalekezera panjira, ntchito yanga ndi ya m'madzi. Ukonde ukakodwa pa mwala kapena pa chitsa pansi pa nyanja, eni ake amadzanditenga, ine ndimamira n'kukauwonjola. Anandiphunzitsa ndi amalume, mlongo wawo wa mayi anga. Iwowo paunyamata wawo anagwirako ntchito kwa azungu ena amene ankagwira tinsomba tamawangamawanga ta m'miyala n'kumatitumiza kunja. Ankamira atabereka botolo la mpweya. Ntchito itatha anabwerako ndi zinthu ziwiri: khutu limodzi logontha, ndi wotchi yolowa nayo m'madzi.

Wotchi imeneyo inali yolemera ngati mwala womangira ku ukonde. Kumaso yakuda, ndi timadontho towala mumdima ngati ziphaniphani. M'mphepete inali ndi mkombero wozungulira, umene amalume ankauika kuti adziwe kuti akhala nthawi yaitali bwanji pansi, mpweya ungawathere. Batire inalibe. Kupukusa sankaipukusa. Inkayenda ndi dzanja la mwini wake. Ukamapalasa bwato, ukamalima, iyo ikudya momwemo. Ukaivula n'kuisiya pa tebulo, mawa kapena mkuja waipeza yaima, ndipo ukaigwedeza imadzuka. Amalume ankati, "Iyi siyenda pa mkono wa mlesi."

Amalume ankasunga mawotchi. Ena amaweta nkhunda, iwo ankaweta mawotchi m'chitini cha mabisiketi, ina ya m'thumba yochokera ku Joni, ina yachizimayi yopanda muvi umodzi, ena akufa kalekale. Matenda amenewa anandipatsira. Nanenso ndinali ndi kachitini kanga, koma mwa mawotchi anga onse munalibe ndi imodzi yomwe yolowa m'madzi. Tangoganizani, munthu wa m'madzi, wotchi kumaisiya pa mchenga m'kati mwa chipewa ngati fodya.

Ndiye kunabwera matipate. Titangovota muja, katundu anasefukira pa Dwangwa, mavenda mbali zonse za msewu. Msuweni wanga, mwana wa amalume, amene ankagwira ntchito ku nzimbe, anawagulira bambo ake wotchi ina yolowa m'madzi, ya batire, lamba wake wa mphira. Ndinene zoona, sindifuna kuinamizira. Inali wotchi yabwino. Yopepuka, ndipo nthawi yake inkagwirizana ndi wailesi osaphonya. Yakale ija inkatsalira pang'ono, amalume ankachita kuikankha Lamulungu lililonse. Poopa kukhumudwitsa mwana, anayamba kuvala zonse ziwiri, ina kumanja ina kumanzere, anyamata a pa doko n'kumawafunsa kuti agogo, ya kumanzereyo ndi nthawi ya ku Joni kodi?

Atadwala, tsiku lina anandiitana. Amayi aakulu, akulu awo a mayi anga, anali pompo akuwapatsa phala. Amalume anati, "Mphwanga, ndikapita, pa ziwiri za m'madzizi imodzi ilowe m'chitini chako. Usankhe wekha."

Usankhe wekha. Mawu amenewa muwagwire.

Ndipo ndinaganizadi, sikuti ndinangothamangira. Ya batire yosanama, yopepuka. Koma batire likatha upite pa Dwangwa, wokonza mawotchi wa pa khonde aitsegule kumbuyo ndi mpeni, ndiye akatseka, kodi madzi sadzalowa? Yakale nayo, yolemera, yotsalira, ndipo itati yawonongeka woikonza kuno kulibe, mwina ku Lilongwe. Zonsezi ndinazitembenuza m'mutu ndikusoka ukonde. Koma mtima unali utasankha kale. Ndili mwana, amalume ankandiika wotchi yakaleyo pa khutu tili m'bwato, ine n'kumamva kamtima kake kakugunda. Ya batire ukaiika pa khutu umamva ngati munthu akudula zikhadabo. Ndinkafuna yakale. Kuwauza pompo sindinawauze, chifukwa munthu sasankha katundu wa munthu amene akupuma.

Anamwalira chimanga chikucha. Titameta, tinakhala pansi pa mtengo wa mango kugawa katundu. Anayala mphasa, n'kuika malaya, nkhafi, nyali, chitini chija, ndi mawotchi awiri aja pambali. Ya batire ikuyenda. Yakale itaima, chifukwa amalume anaivula atagona pa mphasa.

Amayi aakulu anaiyang'ana nati, "Taonani, yaima. Yatsagana ndi mwini wake."

Ine ndinati, "Iyayi amayi, siinafe. Imafuna dzanja basi." Ndinaitola, n'kuigwedeza pang'ono, kamuvi kake kakang'ono n'kuyamba kuyenda. Ndinkaganiza kuti ndawathandiza kumvetsa. Ndinaionetsa uku ndi uku ngati mwana amene wagwira chambo choyamba.

Amayi aakulu anasendera m'mbuyo, n'kukoka chitenje kuphimba mapazi. Azimayi ena nawonso anasendera.

"Chakufa sichidzuka ndi kugwedeza," anatero. "Mlongo wanga akuifuna imeneyi. Ipite komwe ali."

"Amayi, munalipo. Ananena kuti ndisankhe ndekha. Ndasankha iyi."

"Ndinalipo, inde. Koma sananene kuti idzachita zimenezi pamaso pa anthu."

Apa m'pamene msuweni wanga anaimirira. Iyeyu masiku amenewo anali atalowa ndale, msonkhano uliwonse ankakhala kutsogolo, ngakhale polonjera ankayankhula ngati ali pa nsanja. Anati, "Abale, nthawi yopondereza inatha. Pano pali maganizo awiri. Tivote."

Ndinati, "Tivotere chiyani, msuweni? Awa ndi mawu a bambo ako."

"Iwe msuweni, ukufuna ukhale pulezidenti wamuyaya wa mawotchi?"

Anthu anaseka. Pa maliro, mitu ili yometa, anaseka. Ine ndi iye timanyozana kuyambira tili ana, chisuweni ndi chomwecho, tsiku lina ndikanamubwezera kuti iwe ngakhale kusambira sudziwa, wotchi ya m'madzi unkagulira kusamba m'bafa. Koma tsiku limenelo ndinangofumbata wotchiyo m'dzanja.

Muyenera kudziwa mmene zinthu zinalili nthawi imeneyo. Anthu anali atangolawa kuvota, ndiye kunali ngati mwana amene wapatsidwa mpeni watsopano, chilichonse afuna achidule. Kwaya kuvotera nyimbo. Pa mjigo kuvotera woyamba kutunga. Ndiye msuweni atanena kuti tivote, palibe anaona cholakwika. Anati amene akufuna kuti msuweni wathu atenge yatsopano, yakale itsagane ndi bambo, akweze mkono. Mikono inakwera ngati mapesi. Ana amene sankadziwa n'komwe kuwerenga nthawi anakweza. Bambo wina wa ku Benga amene anangoima ndi njinga yake kudzapepesa, nayenso anakweza. Nditacheuka ndinaona mkazi wanga atakweza, maso ali pansi. Madzulo ake anandiuza kuti, "Bambo, ine sindikanagona m'nyumba imodzi ndi chinthu chimene chija."

Kenako anati amene akufuna yakale ikhale akweze nawonso. Ndinakweza ndekha, wotchiyo ili m'dzanja lomwelo, ikuyenda.

Tsopano kwathu kuno pali mwambo. Mbale ndi kapu za malemu amakaziika pa mtumbira, koma amayamba aziboola ndi msomali, kuti nazo zife, wina asazitole n'kumadyera. Ndiye wotchi nayo inayenera kufa. Msuweni anaitenga m'dzanja langa, ine n'kumupatsa, chifukwa ndikanalimbana naye akanati ndikukanganirana chuma cha masiye maliro asanazizire. Anaiika pa mwala wonolera mipeni n'kuimenya ndi msana wa nkhwangwa. Koyamba siinasweke. Galasi lake linapangidwa kuti lipirire madzi a pansi penipeni, nkhwangwa inangoterereka. Anamenyanso, namenyanso, mpaka linaphulika. Adzukulu anaikulunga pa tsamba n'kupita nayo.

Kenako msuweni anabwera kwa ine akumwetulira, n'kundimanga ya batire ija pa mkono ndi manja ake. "Wapambana ndiwe, msuweni. Yatsopano, ndinagula ndekha. Usati sindikukonda."

Ndipo chimene chimandipsetsa mtima kwambiri n'chimenechi. Iye sanabe kanthu. Akanaibisa yakaleyo n'kukaigulitsa, bwenzi ndikudziwa pomutukwanira. Koma iye anapita kwawo akuganiza kuti wandichitira zabwino, amayi aakulu akuganiza kuti apulumutsa mudzi, onse okweza mikono aja akuganiza kuti achita zachitukuko. Ndikakwiye ndi ndani? Ndi mudzi wonse?

Musandimve molakwa. Ine kuvota sindidana nako. Ndinaima pa mzere dzuwa likuswa mtengo, chala ndinaviika mu inki ngati wina aliyense. Koma kodi zonse n'zovotera? Munthu wagona pa mphasa, mpweya ukuthera, wasonkhanitsa mphamvu zake n'kunena kuti usankhe wekha. Ndiye wa njinga wa ku Benga akweze mkono n'kufafaniza mawu amenewo? Amalume mwini wake sanavote nawo. Kaya mwina ine ndi amene sindimvetsa chifukwa cha kuchepa kwa sukulu, koma ndimaona ngati pamenepa panalakwika.

Ku manda munthu sangolowa. Ukapezeka uko popanda maliro, dzina lako latha, ndiwe mfiti. Ndiye sindinapite. Mvula yotsatira kunagwa maliro a banja lina, ine ndinali mmodzi wa okumba. Dzenje lathu linali pafupi ndi mtumbira wa amalume. Nditatuluka m'dzenje kuti mnzanga alowe, ndinaiona. Inali m'mbale yoboola ija, lamba atapindika, kumaso kuli bii ndi dzimbiri, madzi a mvula atadzaza m'kati. Wotchi imene inapita pansi pa nyanja zaka zonse zija osalowa dontho, inadzamira m'mbale pa mtunda.

Dzanja linafuna kupita lokha. Koma anthu anali mbali zonse, ndipo cha pa mtumbira satola. Ndinangoima, mpaka wina anati bambo tipatseni khasulo.

Ya batire ija ikuyendabe. Ndimamira nayo, siinalowepo madzi, siinandinamizepo. Ndikaivula ndimaipachika pa msomali kuseri kwa chitseko. Mkazi wanga amafunsa kuti bwanji osaiika m'chitini pamodzi ndi anzake, dothi lingailowe. Ndimamuuza kuti m'chitini mumalowa zimene ndasankha ine.