Malo Ogona a Mkamwini wa Pachilumba

Amuna anga sanali akuno. Anabadwira pakachilumba ka m'nyanja yamchere ku Mozambique. Nkhondo ndiyo inawathamangitsira ku Thyolo, n'kudzandipeza ine ndikuthyola tiyi pa esiteti. Tinakwatirana, koma kunena zoona ndinangotenga thupi, mtima wawo unatsalira pamadzi.

Mbiri ya chilumbacho ndinaimva mpaka makutu kuwawa. Ati oyamba kukhalapo anali asodzi othawa ogula akapolo. Anakumba chitsime chimodzi chokha, ndipo mabanja ankatunga motsatana ndi mmene makolo awo anafikira. Manda anali kum'mawa, pansi pa mitengo ya kokonati. "Ine mudzakandiike kumeneko," ankatero, ngati akunena pa Makwasa pompa. Atsibweni anga atawauza kuti mkamwini wokhalitsa amagona kumanda kwa akazi ake, amuna angawo anangoseka. Ine zinkandipweteka. Ana anayi ndinawaberekera, koma pathu ankakhala ngati munthu wodikira basi.

Nkhondo itatha anzawo anabwerera, iwo n'kutsala chifukwa cha anawo. Ndiye dzinja lililonse, aganyu a ku Mozambique akabwera kudzathyola tiyi, ankawayendera mmodzimmodzi n'kumafunsa kuti, "Madzi ali pati?" Umenewo ndiwo unali moni wa kwawo, poti kumeneko munthu sanyamuka asanadziwe ngati nyanja yadzaza kapena yaphwa. Aganyuwo ankangowayang'ana. Ine manyazi ankandigwira, komanso chisoni.

Chaka china mnyamata wina anayankha osatembenuka, manja ali pa tiyi: "Akubwerera, bambo."

Amuna anga anakhala pansi mumzere momwemo, dengu lili kumsana. Madzulo anamubweretsa kunyumba, tinamuphera nkhuku. Anayamba kumufunsa za mabanja, ili ndi ili. Mnyamatayo ankangopukusa mutu. Anati chitsime chinalowa mchere iye ali wamng'ono, anthu onse n'kusamukira kumtunda. Za asodzi othawa aja anali asanamvepo n'komwe.

"Nanga manda?" anafunsa amuna anga.

"Nyanja inadya, bambo. Pamene panali kokonati pano pamadutsa ngalawa."

Mnyamatayo anadya, anathokoza mwaulemu, n'kumapita. Sanabwerenso, ndipo amuna anga sanamufunefune.

Panapita masiku angapo. Kenako m'mawa wina, tikuthyola m'nkhungu ija yobisa ngakhale mnzako wa mzere woyandikana nawo, ndinamva mawu awo osawaona nkhope.

"Mayi a ana, mukawauze atsibweni anu andisungire malo."

Mawu amenewo ndinali nditawadikira zaka zambiri, koma atabwera sindinawakonde. Ndinalakalaka munthu wanga wamakani uja, wonditopetsa ndi chitsime chake. Kwa atsibweni ndinakana kupita. Loweruka lake anasita jekete, anapita okha.