Gwirani Uko, Mayi

Amuna anga ndi kalipentala, koma mukafika pa msewu wathu n'kufunsa kwa kalipentala, anthu angoyang'anana. Nenani kuti mukufuna kwa a Ngolo, aliyense akulozerani geti lathu. Dzinalo linabwera ndi ngolo ya matayala awiri imene amakoka ndi pikapu yawo. Anaigula kuti azinyamulira matabwa ndi zitseko, koma ndikawerengera bwino, ngoloyo yanyamula mipando ya abale kuposa matabwa.

Kwawo ndi oyamba kubadwa, ndipo paja mutu ukakula sulewa nkhonya. Wina akusamuka, a Ngolo. Kutchalitchi akufuna mabenchi, a Ngolo. Mlamu wagula firiji yakale kutsidya kwa tauni, a Ngolo. Mawu oti ayi amawadziwa ndithu, ndinawamvapo akuuza galu, koma kwa munthu sindinamvepo akuwatchula.

Komatu pikapu ija sanaigulire zimenezi. Ali mnyamata, akuphunzira ntchito, bwana wawo anawatenga kukakhoma denga la nyumba ina kumapiri. Kunalibe kogona, ndiye ankagona panja pafupi ndi mtsinje, n'kumadzuka m'mawa nkhungu ili pansi pawo. Nkhani imeneyi ndinaimva tili pa chibwenzi, ndinaimvanso ndili ndi mwana kumsana, ndipo nthawi zonse inkathera pamodzimodzi: tsiku lina adzanditengerako, tikagone m'galimoto yathuyathu. Ine sindine munthu wa kutchire. Njoka ndimaziopa, ndipo ndimakonda bafa lokhala ndi chitseko. Koma lonjezo ukalimva zaka zambiri limasanduka lako, ndipo ndinayamba kuwafuna mapiriwo ngati kuti ndinawaonapo.

Ana atachoka pakhomo, amuna anga anapanga bokosi lodzaza kumbuyo konse kwa pikapu. Pamwamba pake ndi bedi la anthu awiri, pansi makabati okoka, malo a mbaula ya gasi, thanki ya madzi yokhala ndi mpopi, ndi kathebulo kopinda. Ntchito yake ndi yokongola, zimenezo sindingakane. Kungoti munthu amene wakhala moyo wake wonse akupanga zitseko zoti wakuba asathyole sadziwa kupanga chinthu chopepuka. Anasankha matabwa a zitseko omwewo, okhuthala, n'kuikanso mahinjesi a geti pa kabati yosungiramo masupuni. Bokosilo litatha linkalemera ngati ng'ombe.

Apa ndi pamene panagona vuto. Pikapu yathu imatha kunyamula bokosi kapena kukoka ngolo yodzaza, koma osati zonse pamodzi. Anayesapo kamodzi, mng'ono wawo akusamuka. Kumbuyo kwa galimoto kunakhala pansi, mphuno n'kuyang'ana kumwamba. Pokwera chitunda kilachi inanunkha, ndipo potsetsereka ngolo inayamba kugwedeza mchira n'kumakankha galimoto, mabuleki osamva. Anafika kunyumba malaya ali chonyowa ndi thukuta. Makanika wawo atayang'ana masipuling'i anangopukusa mutu.

"Akulu, ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Sankhani chimodzi, kukagona kutchire kapena kukoka. Galimoto iyi si bulu."

Kusankha ndiye kumene amuna anga sakudziwa. M'malo mwake anapeza njira yokwezera ndi kutsitsira bokosi. Amatsamiritsa matabwa awiri kumbuyo kwa pikapu, n'kuika mapaipi pansi pa bokosi kuti lizigubuduka, kenako n'kulimanga ndi mabauti. Ntchitoyi ndi ya anthu awiri, ndipo wachiwiriyo ndi ine.

"Gwirani uko, mayi."

Mawu amenewa ndawamva kuposa mawu ena alionse m'banja muno. Timakweza bokosi Loweruka, msana kuwawa, ine n'kuyala matiresi, kulongedza mapoto ndi zofunda. Tisanafike n'pogula gasi, foni yawo imalira. Ndimadziwira pa mayankhidwe awo. Akangoti, "Pepani, nanga mutani tsopano?" ine ndimayamba kutulutsa mapoto. Kenako gwirani uko, mayi, bokosi pansi, ngolo kumbuyo. Akamatuluka pa geti amatulutsa mutu pa windo n'kunena mawu awo ena aja: "Mapiri sathawa."

Bokosilo lakhala pakhonde nthawi yaitali kuposa m'galimoto. Ndimasitirapo zovala. Mphaka anaberekera m'kabati ya mbaula. Alendo amakhalapo n'kumafunsa ngati tikugulitsa. Chala changa chapakati chinakhota tsiku lina paipi itaterereka, ndipo mpaka lero sichiwongoka. Ndinalalata, ndinanyanyala, ndinawauzapo kuti akakwatire ngoloyo. Iwo amangoseka pang'ono, kundithirira tiyi, n'kupita kukanyamula sofa ya munthu amene sangawathokoze n'komwe. Ndinatopa, ndipo kutopa kwake sikunali kwa msana wokha.

Chaka chino ndinaona kuti asiya pensulo, akulemba mizere pa thabwa ndi choko. Poyeza ankayendetsa chala pa tepi ngati akufufuza minga. Ndinawakokera kuchipatala. Adokotala anati ndi matenda a shuga, diso lakumanzere lapita kale, lakumanja likutsatira. Masana angathe kuyendetsabe pang'onopang'ono, koma laisensi yawo ikutha kumapeto kwa mwezi, ndipo mayeso a maso sadzakhozanso. Tinabwerera kunyumba. Tinafika pa geti, anazimitsa injini, manja ali pa chiwongolero.

"Mayi, mapiri aja."

"Ndamva, bambo. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Tikweze bokosi."

Koma panali oda ya zitseko yoti amalize, panalinso maliro a kuchimuna ofuna ngolo, moti bokosi linakwera m'sabata yomaliza ya mwezi. Titamanga mabauti, iwo analowa kukasamba. Ine ndinatsala kumbuyo kwa galimoto ndikuyang'ana chokokera, kampira kachitsulo kaja kamene amakolekapo ngolo. Munthu sungagwire uko zaka zonsezi osaphunzirapo kanthu. Ndinatenga sipanala yaikulu, n'kulowetsa paipi kuchigwiriro chake monga amachitira iwo, n'kuponda ndi phazi. Nati yomangira kampirako inalira, kenako inamasuka. Kampirako ndinakakulunga m'nyuzipepala n'kukaika m'chikwama changa cha m'manja, pansi pa buku la nyimbo.

M'mawa mwake kunabwera msuweni wawo. Anali atagula njerwa, ndipo amene anamugulitsa njerwazo ankafuna malo ake.

"Achimwene, ndi ulendo umodzi wokha. Bokosilo nditsitsa nanu ine, alamu apume."

Amuna anga anali atayamba kale kukanda m'mutu. Anazungulira kumbuyo kwa galimoto, anawerama, napapasa pamene pamakhala kampira. Chala chinalowa m'bowo. Anakhala chiweramire kanthawi, kenako anadzuka n'kundiyang'ana ndi diso lawo labwino lija.

"Chokokera chasowa," anatero. "Anthu akuba masiku ano, msuweni. Ngakhale chitsulo sachisiya."

Aka kanali koyamba kuona munthu akutuluka pa geti lathu wopanda ngolo. Madzulo ake ndikukonzeka kupita ku kwaya, anandinyamulira chikwama kuti andipatse. Anachiyeza m'manja.

"Nyimbo zikulemera masiku ano, mayi."

"Ndi zatsopano, bambo."

Anaseka mpaka kutsokomola, ndipo sanafunsenso. Masiku amenewo ndinawaona ngati mnyamata uja wa denga la kumapiri. Anadzaza thanki, anayesa mbaula, anandionetsa pa mapu msewu umene iwo sankauonanso bwino. Tinagwirizana zonyamuka Loweruka m'mawa n'kubwerako Lolemba, tsiku lomwe laisensi inkatha.

Loweruka linafika. Mapoto anali m'kabati, zofunda pa bedi, iwo akupukuta galasi lakutsogolo. Foni inalira, koma ulendo uno inali yanga. Anali mwana wathu wamkazi, amene anakwatiwa ku tauni yakutali, ulendo wa tsiku lathunthu pa liwiro la bambo ake. Kwa zaka ndithu wakhala akubwera kuno atavala malaya a manja aatali ngakhale kukutentha, ndipo ndikamufunsa ankati anagwa m'bafa.

"Amayi, bambo a ana apita kukagwira ntchito kutali, abwera Lolemba. Ndamanga katundu. Ndikapanda kutuluka tsopano, sindidzatulukanso."

"Wakumenyanso?"

"Ulendo uno anayambira wamkulu uja, amayi. Mwana."

Ndinakhala pansi pa sitepe ya khonde. Anati ali ndi makina ake osokera, mabedi a ana, firiji imene anagula yekha, ndipo akazisiya sadzazionanso. Kenako mawu ake anatsika.

"Koma ababa musawauze lero. Ndikudziwa za ulendo wanu. Ndipeza njira, ndangofuna kuti mudziwe."

Ndinatseka foni. Amuna anga anali akuimba ndi mluzu, akupukuta pamene anali atapukuta kale. Ndinawayang'ana, ndipo ndinapsa mtima ndi abale onse amene anadya masabata athu ndi masofa ndi mabenchi awo, mpaka tsiku loti ngolo ikufunikadi linatipeza tatsala ndi Loweruka limodzi. Ndinadzuka n'kukawauza zonse. Mluzu unatha. Nsanza ija anaipinda bwinobwino n'kuiika pa boneti.

"Tikhoza kupeza lole ya hayala," ndinatero. "Ndiimbira makanika, amadziwa anthu. Ife tipite, tikabwerako timupeza ali pano."

"Mwana wanga asatuluke m'nyumba ija pa galimoto ya mlendo," anayankha. "Ndipo munthu uja akabwera msanga, apeze ine pakhomo."

Sindinatsutse, chifukwa nanenso mtima wanga unali utapita kale kumeneko. Lero kupita, mawa kupakira, Lolemba kubwerera, mwezi watha. Tonse tinkadziwa, ndipo panalibe chifukwa chonenera. Ndinalowa m'nyumba, ndinatsegula chikwama, n'kutulutsa kanthu kaja m'nyuzipepala. Anakalandira ndi manja awiri. Anagwada kumbuyo kwa galimoto, anapapasa bowo, n'kumanga nati ndi paipi yomwe ija.

Kenako anatsegula mpopi wa thanki kuti bokosi lipepukeko. Madzi amene anadzaza dzana anayenderera pa simenti mpaka ku geti, ife tikungoyang'ana. Ndinatulutsa mapoto, ndinapinda zofunda. Matiresi anati ndiwasiye pafupi, adzukulu adzagonapo. Anamasula mabauti, anatsamiritsa matabwa awiri aja, n'kuika mapaipi.

"Gwirani uko, mayi."

Ndinagwira. Bokosi linatsika pang'onopang'ono n'kubwerera pamalo ake pakhonde, pamene simenti inachita kale zipsera za ngodya zake. Tinakoleka ngolo, ndinakwera kutsogolo kuti ndiziwawerengera zikwangwani za pamsewu. Potuluka pa geti ndinadikira kuti anene mawu awo aja a mapiri. Anangoyang'ana pa galasi kuti aone ngati ngolo yadutsa bwino, n'kundifunsa ngati kumanzere kukubwera galimoto.