Mwala wa pa Chipini cha Amayi

Chipini cha amayi chinali cha siliva, kukula kwake ngati njere ya chimanga, ndipo pakati pake panali kamwala kofiira. Anachilandira kwa amayi awo, amene anachigula kwa amalonda ochokera ku gombe la Mozambique. Kwathu kwa Mposa akazi ambiri achikulire ankavala chipini pamphuno, koma chokhala ndi mwala chinali cha amayi okha. Mwalawo unkagwidwa ndi timano ta siliva topindikira m'kati. Chaka china nditapita kumudzi pa tchuthi, kuchokera ku ntchito yanga ya nyuzipepala, ndinapeza kadzino kamodzi katathyoka, mwala ukugwedera.

Wokonza analipo pakhomo pomwepo: mlamu wanga, mwamuna wa mlongo wanga. Ankachokera ku Balaka, kumene ankakonza mawotchi ndi kusula mphete pakhonde la sitolo pafupi ndi siteshoni. Kwathu anabwera pa chikamwini. Amayi sanamufune kuyambira pachiyambi, ndipo ine ndinali mbali yawo. Kumunda wa mpunga ankafika dzuwa litakwera. Khadi la chipani ankaliika m'thumba la malaya nsonga ikuonekera, ngati kuti ife tinalibe. Amalume, eni mbumba, anali atamuchenjeza kale kuti akapanda kusintha abwerera kwawo. Ukwati wa mlongo wanga unali pamenepo.

Mlongo wangayo ndiye anapempha amayi kuti apereke chipini, poganiza kuti ntchito yabwino ingawafewetse mtima. Mwambo wathu sulola mkamwini kuyang'ana apongozi ake aakazi kumaso kapena kulankhula nawo maso ndi maso. Choncho chipini chinadzera m'manja mwa mlongo wanga, ndipo mawu onse ankadzera kwa iye.

Ndinaonerera ntchito yonse. Mlamu anachotsa timano totsalato ndi tupa, tonse. Kenako anatulutsa timachubu tiwiri ta guluu wa ku Balaka, nasakaniza pa chivindikiro cha botolo ndi kamtengo ka machesi. Fungo lake linali ngati la nsomba yoyamba kuvunda.

"Alamu, timanoto mwachotseranji?" ndinafunsa.

"Zachikale zimenezo, alamu. Guluu uyu amamata ngakhale injini ya sitima. Inu lembani nyuzi zanu."

"Injini ya sitima sisamba kumaso."

Anandiyang'ana monyoza, n'kudinikiza mwala ndi chala.

Mmene amayi ankasamalira nkhope yawo, mlamu sankadziwa, popeza anali asanaiyang'anepo. Nthawi iliyonse ya mapemphero a swala ankasamba kumaso ndi kukokera madzi m'mphuno, monga achitira Msilamu aliyense. M'mawa ankadzola mafuta a nsatsi, n'kupukuta chipini ndi chala chamafutacho kuti chiziwala. Timano tinapirira zimenezi kwa mibadwo iwiri. Guluu sanafike kumapeto kwa tchuthi changa.

Mwala unagwa masana ena amayi akusamba kumaso pafupi ndi chitsime, pamatope pamene abakha athu ankakonda kufukula. Tinakokola matopewo ndi manja, tinasefa ndi sefa ya ufa mpaka inang'ambika. Tinapeza mabatani, minga ya matemba ndi kagalasi ka botolo. Mwala ayi.

Amalume anaitanitsa ankhoswe. Tinakhala pabwalo, mlamu atakhala kuseri kwa nkhokwe atatembenuka msana, monga mwa mwambo. Amayi ankalankhula ndi mlongo wanga, koma mokweza kuti mawu adumphe nkhokweyo.

"Muwafunse amuna anuwo ngati mphuno yanga ndi tayala la njinga, kuti aziimata ndi ulimbo."

"Muwauze kuti guluu alibe mlandu," anayankha mlamu.

"Muwafunse timano tanga ali nato kuti. Kapena anasulira mphete akazi a pa siteshoni ya Nkaya?"

"Iyayi, amayi, musatero," anatero mlongo wanga.

Mlamu akanangopepesa, mwina nkhani ikanathera pa chindapusa cha nkhuku. Koma mlongo wanga, pofuna kumuteteza, anatchula za mafuta a nsatsi. Mlamu atamva zimenezo anadzambatuka, nazungulira nkhokwe, naima pamaso pa amayi. Anawayang'anitsitsa pamphuno, ataweramira kutsogolo ngati akuyang'ana m'kati mwa wotchi.

"Ndi zimenezotu!" anatero, akuloza ndi chala. "Nkhope yamafuta ngati mandasi, guluu angagwire bwanji? Bwanji osandiuza?"

Amayi anadzifunditsa mpango kumaso. Nkhoswe wa kuchimuna, bambo wachikulire amene anayenda ulendo wautali pa njinga, anangoweramitsa mutu. Amalume sanakweze mawu. Anauza mlongo wanga kuti alowe m'nyumba atulutse bokosi la zida za mwamuna wake ndi kuliika panjira.

Pa za mafutazo mlamu ankanena zoona: guluu sagwira pamalo pamafuta, wosula mphete aliyense angakuuzeni. Koma woti afunse mkazi wake asanagwire tupa anali iyeyo, ndipo sanafunse chifukwa ankaona ngati anthu a kwa Mposa alibe choti n'kumuuza. Anachoka tsiku lomwelo, bokosi pamutu. Mlongo wanga anatsala ndi mwana wapamsana, ndipo kwa nthawi yaitali sankandilankhula, popeza pabwalo paja sindinanene kanthu komuthandiza. 

Mwala unapezeka mvula itayamba, m'nthutumba ya bakha amene anaphera alendo. Unali wokalikakalika koma wathunthu, ndipo kunsi kwake kunalibe ngakhale kachidutswa ka guluu. Mlongo wanga anafunsa ngati angatumize uthenga ku Balaka. Amayi anamanga mwalawo pakansalu, naika m'chitini cha singano, nati palibenso mwamuna adzaukhudze. Chipini anapitiriza kuvala chili ndi dzenje pakati, ndipo aliyense wofunsa za dzenjelo ankamuyankha kuti akafunse amisiri a ku Balaka.