Wachibwibwi Wathu Kuseri kwa Chigayo

Mwana wamkazi wa mlongo wanga anakula ndi chibwibwi. Kuti anene kuti "amalume" ankayamba wakoka mpweya, milomo n'kumanjenjemera, ife n'kumumalizira mawuwo. Kwathu ku Msakambewa anthu anazolowera kumufunsa mafunso oti angogwedeza mutu. Bambo ake anapita ku Joni iye ali kumsana ndipo sanabwereko, choncho zonse za mwanayo zinagwera ine monga malume wake. Sukulu itamukanika ndinamupezera malo kwa mayi wina telala ku Mponela, poganiza kuti makina osokera safuna munthu wolankhula.

Chaka china, titangokumba mtedza, ndinapita ku Mponela kukagula matumba. Ndinapatukira kwa telala kuja nditanyamula kamtedza koti ndimusiyire. Pamakina ake panalibe munthu.

"Masana sakhala pano," anatero mayi aja, singano ili kukamwa. "Amapita koimba. Kodi simukudziwa?"

"Mukunena mwana uti?"

"Wanu yemweyo. Pitani kuseri kwa chigayo, mukamva nokha."

Ndinazimva ndisanafike. Gitala inkalira mokoka, pang'onopang'ono, ngati munthu wodandaula, pansi pake ng'oma zikugunda molemera. Ndinaima. Maimbidwe amenewo ndinawamva komaliza ndili mnyamata, ndikugwira ntchito pa esiteti ya fodya, akuchokera m'nyumba ya bwana woyang'anira. Sindinkaganiza kuti alipo mwana wa masiku ano amene angawafune.

Kuseriko kunali nyumba yakale yosungiramo chimanga, yopanda chitseko, kajenereta kakutokota panja. Mkatimo munali achinyamata okhaokha. Wina wowonda, wa zipsera za kuwotcherera zitsulo m'manja, ndiye ankaliza gitala ija ali chitsinzinire. Wina wojintcha anali pang'oma, ndipo mtsikana wina wamfupi anakolekera gitala ya besi yotalika ngati iye mwini. Pakati pawo panali wathu uja, tepi yoyezera nsalu ikadali m'khosi, atagwira chimkuzamawu ndi manja awiri.

Kenaka anatsegula pakamwa.

Thumba la mtedza linandipulumuka. Mawu anali aakulu, osasa, ngati a mayi amene walira maliro mpaka kumanda. Sanakodwe paliponse. Liwu lililonse linkatuluka lathunthu, m'Chichewa chathu chomwechi. Ankaimba za bambo amene anakwera lole atalonjeza kuti abweretsa nsapato, koma mapazi a mwanayo akula mpaka kusiya kudikira. Ndinagwira khoma. Mwana ameneyu ndinamulera ine, koma zoti za bambo ake zimamudya mumtima sindinazimvepo, chifukwa palibe tsiku limene tinamulola kumaliza chiganizo.

Atandiona anasiya, enawo n'kusiyanso.

"A-a-amalume," anatero, chibwibwi chija chitabwerera pomwepo.

"Iwe, mawu amenewa unkawasunga kuti?"

Anayang'ana pansi. Wagitala uja ndiye anayankha mwaulemu kuti anamumva tsiku lina akung'ung'udza pamakina, iye atabwera kudzasoketsa thalauza, ndipo anamunyengerera kwa nthawi yaitali asanalole. Ndinamufunsa dzina la nyimbo zoterezi. Anati bulusi wosakaniza ndi roko, wachikale. Ine ndinamva ngati wati buluzi, iwo n'kuseka, koma ine kuseka kunandikanika. Anawonjezera kuti bambo mfumu wachinyamata wa kuparishi kwathu anali atawaitana kale kuti akaimbe pachikondwerero, Misa ikatha.

Ndinabwerera kumudzi mutu uli zii. Kwa mlongo wanga ndinangonena kuti mwana ali bwino. Ndikanayambira pati?

Tsiku la chikondwerero bwalo la parishi linadzaza. Ena anatsika kuchokera kumapiri a ku Ntchisi. Kwaya inaimba, amayi anavina, kenaka achinyamata aja anayamba kukoka mawaya. Mlongo wanga anakhala pamphasa kutsogolo ndi amayi anzake. Ataona mwana wake akukwera pansanja anatembenuka n'kundiyang'ana.

"Achimwene, akukatani pamenepo? Amuseka."

Gitala itayamba, akuluakulu ena anatseka makutu. Mkulu wina wa mpingo anaimirira kuti akaletse, koma wathu uja atangoponya mawu oyamba anakhalanso pansi pakamwa pali yasa. Bwalo lonse linati chete. Ngakhale ogulitsa zitumbuwa anasiya kuitanira. Aliyense ankadziwa lole imene ankaimba, ndi bambo amene anaikwera. Abale a bamboyo analipo, atakhala pansi pa mtengo wa mango, mitu ili pansi.

Mlongo wanga anamvera mpaka pakati. Kenaka anadzuka, anakonza chitenje, nadutsa pakati pa anthu kulunjika kumudzi osacheuka. Mwana uja anamuona, mawu ananjenjemera pang'ono, koma anaimaliza nyimboyo. Itatha panapita kanthawi popanda wowomba m'manja. Anayamba ndi mayi wina wamasiye kumbuyo, amene analuluta yekha, kenaka ena anatsatira.

Ndinamulondola mlongo wanga kunyumba. Ndinamupeza pakhonde akusenda mtedza.

"Munkadziwa," anatero.

"Ndinamva kamodzi."

"Zaka zonsezi ndimati mwana wanga alibe mawu. Lero wandivula pamaso pa parishi yonse." Anaponya makoko pansi. "Koma sananame. Nsapatozo bambo ake anandilonjeza ndine, pamsewu, iye ali kumsana kwanga. Ndinamuuza kamodzi kokha ali wamng'ono kwambiri. Sindinkadziwa kuti anasunga."

Dzuwa likupendeka mwana uja anafika, n'kugwada patali ndi khonde. Anayamba kulankhula, nakodwa pa liwu loyamba. Ine ndinatsegula pakamwa kuti ndimuthandize, mlongo wanga n'kundigwira mkono.

"Musiyeni amalize."

Zinatenga nthawi. Sanapepese. Anati gulu lawo laitanidwa ku Lilongwe ndipo akufuna kupita nawo. Sabata yotsatira ndinapeza mayi ake akumukazingira chimanga ndi mtedza wa paulendo, ndipo ndine ndinamunyamula panjinga mpaka kumsewu wa tala.