Mjigo umene tinauwerenga m'nyuzipepala

Malemu amuna anga sankakhulupirira nkhani asanaimve kwa anthu awiri. Ngakhale ine ndikawauza kuti mchere watha, ankayamba asuzumira kaye m'chitini. Zinkandipsetsa mtima, koma ndinkawakonderanso zomwezo.

Pamene likulu linkasamukira ku Lilongwe, mudzi wathu unapezeka kuti uli pamalo omangapo maofesi, ndipo anatiuza kuti tichoke. Amuna anga anali atapeza ntchito yosamalira maluwa kwa bwana wina ku Area 11, kufupi ndi kumene kale tinkalima mtedza. Ine ndinali ndi pakati pa miyezi isanu. Achimwene anga, amene ankasoka zovala pakhonde la sitolo ku Old Town, anati tikapanikizane nawo m'kanyumba kawo ku Area 4 mpaka ndichire. Ine ndinkafuna zimenezo, chifukwa pabwalo pawo panali mpopi.

Amuna anga anati tidikire kaye. Abwana awo ankawapatsa nyuzipepala zowerenga kale, ina ya m'kati mwa sabata, ina ya Loweruka. Yoyambayo inalemba kuti kumalo kumene ankatipititsako anali atakumba kale mijigo. Ya Loweruka inalembanso zomwezo, n'kuikapo chithunzi cha mayi akupopa madzi, mano onse pamtunda. Wailesi nayo inanena. Tsiku limenelo anafika pakhomo akuyenda monyadira, nati mboni zakwana zitatu, ndiye kukakamira m'tauni n'kupanda nzeru.

Lole ya boma inakatitsitsa patchire. Mjigo panalibe, ngakhale dzenje loti anayambapo kukumba. Madzi anali kudambo, ulendo woti ukanyamuka m'mamawa umabwerako dzuwa litakwera, ine mimba patsogolo, ndowa pamutu, miyendo itatupa. Amuna anga ndinawalalatira sabata yathunthu, ndipo sindinasiyeko mawu.

Iwo anakhala pansi n'kulemba makalata awiri odandaula, otchulamo za pakati panga, iliyonse ya nyuzipepala yake. Ankati ina ikakana kutulutsa, inzake itulutsa kuti iichititse manyazi. Masiku amenewo kalata yotere inkatha kumusowetsa munthu, koma iwo anapalasa njinga mpaka ku City Centre. Atafunsa njira ya ku ofesi yachiwiri, kalaliki wa mu ofesi yoyamba anawalozera tebulo lake lomwelo.

"Bambo, mukanasungako envelopu imodzi," anatero motsitsa mawu. "Olemba ndi omwewo, mwini wake ndi mmodzi, ndipo zomwezo n'zimene amawerenga pa wailesi. Ngati mukufuna kudzamuona mwana mwalembayu, kang'ambeni makalatawa."

Anabwera madzulo akukankha njinga, osaikwera. Anandifotokozera zonse atazyolika, ndipo mkwiyo wanga wonse unathera pomwepo, chifukwa ndinali ndisanawaonepo atachita manyazi chotero.

"Amayi a m'nyumba, ndakuvutitsani ndine," anatero. "Kuyambira mawa kudambo musapitenso."

Ndinkayesa n'zongonena. M'mawa mwake ndinawaona akupinda nsalu yanga yakale kuti ikhale nkhata. Iwo, bambo wamkulu, mkulu wa mpingo, anakaima pamzere wa amayi kudambo, n'kusenza ndowa pamutu, theka la madzi likuthera m'malaya. Amayi anawaseka mpaka kugwira nthiti, amuna anzawo nati ndinawadyetsa mankhwala. Iwo ankangotula ndowa, kusintha malaya, n'kupalasa njinga kupita ku maluwa a bwana. Anatunga choncho tsiku ndi tsiku, osaphonya, mpaka mwana wathu wamkazi atayamba kukwawa.